Nkhondo ya pa Chibale ku America: M'mene Mlandu wa Akapolo Udang'ambira Dziko Pakati

Tikusimbirani mbiri ya dziko lakutali, la kutsidya kwa nyanja yaikulu yamchere, dziko lotchedwa United States of America. Ambiri mwa inu mudamva kuti ndi dziko la chuma ndi la mphamvu. Koma mwina simudamve kuti kuyambira chaka cha 1861 kufikira 1865 eni ake a dzikolo adaphana okhaokha, mbale ndi mbale wake, mpaka adafa anthu oposa 620,000. Mdani sadachokere kunja ai. Mlandu udali m'nyumba momwemo, ndipo udali uwu: kodi munthu angathe kukhala chuma cha munthu mnzake, monga ng'ombe kapena khasu? Mlanduwo adauzengereza zaka zoposa 70. Nthawi iliyonse ukafuna kubuka, akuluakulu ankasonkhana, napangana za malire, namwazikana akuti watha. Koma adali ngati munthu wokwirira moto ndi phulusa, amene amagona tulo namayesa kuti wazima.

Mbeu ya mlanduwo

M'chaka cha 1619 chombo china chidakocheza pa gombe la Virginia, pa malo otchedwa Point Comfort, chitanyamula anthu akuda ngati 20 ogwidwa ku Angola. Angerezi okhala kumeneko adawagula ndi zakudya. Kuyambira apo zombo zidanka zibwera, ndipo akapolo adachuluka m'minda ya fodya ya ku Virginia ndi Maryland, ndi m'madimba a mpunga a ku South Carolina. Mu 1662 akulu a ku Virginia adaika lamulo lakuti mwana azitsata mai wake: mai akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale atate ake akhale mwini munda yemweyo. Kwathu kuno mwana wotsata kwa mai amapezako mbumba ndi malume womtchinjiriza. Kumeneko kutsata mai kudali kulowa m'goli pa tsiku lobadwa.

Mu 1776 zigawo 13 za Azungu a ku America zidakana kulamulidwa ndi mfumu ya ku England. Kalata yolengeza ufulu wao adailemba ndi Thomas Jefferson, ndipo m'menemo adanena kuti anthu onse adalengedwa olingana, ndi kuti Mlengi adapatsa aliyense ufulu umene wina sangamlande. Mau okoma ndithu. Koma wolembayo pa moyo wake adakhala ndi akapolo oposa 600. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 1787 akuluakulu adasonkhana ku Philadelphia kuti alembe malamulo aakulu a dziko latsopanolo. A kummwera adaneneratu kuti wina akakhudza akapolo ao, iwo salowa nao mu mgwirizano. Tsono adapangana kuti powerenga anthu, pofuna kudziwa aphungu amene chigawo chilichonse chizitumiza ku bwalo la malamulo, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu. Motero mwini akapolo adapeza mphamvu yochuluka m'bwalomo chifukwa cha anthu amene iye yemwe adawatseka pakamwa. Adapangananso kuti kugula akapolo ku Africa kusaletsedwe chisanafike chaka cha 1808, ndi kuti kapolo wothawira ku chigawo china azibwezedwa kwa mbuye wake. Chodabwitsa n'chakuti liu lakuti kapolo sadalilembe m'malamulowo ngakhale kamodzi. Adalilambalala, monga achitira munthu wa manyazi ndi chilonda chake.

Masiku amenewo ambiri ankayesa kuti ukapolo udzafota wokha. Zigawo za kumpoto zidayamba kumasula akapolo ao pang'onopang'ono: Pennsylvania mu 1780, Massachusetts mu 1783, ndipo New York adatsiriza mu 1827. Ku Virginia nako fodya adali atagugitsa nthaka. Chimene chidautsitsimutsa ukapolo ndi thonje.

Thonje

Thonje lomera kumtunda kummwera kwa America lili ndi njere zokangamira kwambiri, ndipo munthu wochotsa njerezo ndi zala tsiku lonse ankayeretsa ngati paundi imodzi yokha. Mu 1793 Eli Whitney adapanga makina a mano achitsulo, okoka thonje ndi kusiya njere, kotero kuti munthu mmodzi adayamba kuyeretsa mapaundi 50 pa tsiku. Nthawi yomweyo ku England, m'dera la Lancashire, mafakitale oomba nsalu adali ndi njala ya thonje yosakhuta. Makinawo adapeputsa ntchito yochotsa njere, koma kulima, kupalira ndi kutola zidatsalabe m'manja mwa anthu; tsono minda ikamakula, manja ofunika ankachulukanso. M'zaka za m'ma 1830 boma lidapirikitsa eni dziko akale, mitundu ya Cherokee, Creek ndi Choctaw, ndipo nthaka yao yachonde ku Georgia, Alabama ndi Mississippi idasanduka minda ya thonje.

Mu 1790 akapolo adali ngati 700,000. Pofika 1860 adali pafupifupi 4,000,000. Kugula anthu ku Africa kudaletsedwadi mu 1808, koma pomwepo malonda a m'dziko momwemo adakula. Anthu pafupifupi 1,000,000 adachotsedwa ku Virginia, Maryland, Kentucky ndi zigawo zoyandikana, natengedwa kunka ku minda ya thonje ndi ya nzimbe ya kummwera kwenikweni. Ambiri ankayenda pansi milungu yambiri, amuna atamangidwa unyolo awiriawiri, mpaka ku misika ya Natchez ndi New Orleans, kumene ogula ankawatsegula kukamwa kuona mano ndi kuwayang'ana pamsana ngati pali zipsera za mkwapulo. Ukwati wa akapolo lamulo silinkaudziwa. Mbuye akamwalira kapena akagwa m'ngongole, mwamuna ankagulitsidwa uku, mkazi uko, ana kwina. Zigawo zambiri za kummwera zidaletsanso kuphunzitsa kapolo kuwerenga ndi kulemba.

M'zaka za m'ma 1850 mnyamata wamphamvu ankagulidwa ndi madola oposa 1,000. Pofika 1860 mtengo wa akapolo onse pamodzi udaposa chuma chonse choikidwa m'njanji ndi m'mafakitale a dziko lonselo, ndipo thonje lokha lidali loposa theka la katundu amene America ankagulitsa kunja. Tisayese kuti a kumpoto adali oyera m'manja: mabanki a ku New York ndiwo ankakongoza ndalama eni minda, ndipo mafakitale a ku Massachusetts ankaomba nsalu ndi thonje lomwelo. Ina ya nsaluyo, yoyera ndi yolimba, inkapita ndi zombo za ku Salem mpaka ku Zanzibar. Amalonda a kugombe adaitcha merikani, nakwera nayo kumtunda mpaka kunyanja kwathu kuno, kumene ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndiponso ndi anthu. Motero thukuta la kapolo wa ku Mississippi linkatha kugula kapolo wina ku Nkhotakota. David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire mu 1859, adaona Amang'anja akulima ndi kupota thonje lao, nayembekeza kuti England akamagula thonje kwa alimi aufulu a kuno, malonda a anthu adzafooka mbali zonse ziwiri za nyanja.

Pa mabanja anai a Azungu a kummwera, ngati limodzi lokha ndilo lidali ndi akapolo. Otsalawo adali alimi wamba olima okha. Komabe ambiri a iwo adaimira kumbuyo ukapolo, ena poyembekeza kuti tsiku lina adzagula wao, ena poopa kuti anthu akuda akamasulidwa adzalingana nao.

Mlandu wa minda yatsopano

Kuti mumvetse bwino zotsatirazi, dziwani kuti ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, ndipo pamwamba pa zonse pali boma lalikulu ku Washington. M'bwalo lina la malamulo, lotchedwa Senate, chigawo chilichonse chimatumizako akulu awiri, chikule chichepe. Mu 1819 zigawo zolola ukapolo zidali 11, zouletsa 11. Koma anthu ankasamukira kumadzulo kukatsegula minda yatsopano, ndipo akachuluka kumeneko ankapempha kuti dera lao likhale chigawo. Chigawo chatsopano chilichonse chikadalemetsa mbali imodzi. N'chifukwa chake mkangano sudayambire pa akapolo a ku Virginia kapena a ku Georgia, amene pafupifupi onse ankavomereza kuti boma lalikulu lilibe mphamvu yowamasula, koma pa minda imene idali isanalimidwe.

Missouri atapempha kulowa ndi akapolo ake, bwalo lidakangana miyezi yambiri. Mu 1820 adapangana kuti Missouri alowe ndi ukapolo, Maine alowe wopanda ukapolo, ndipo adalemba mzere pa mapu kulowera kumadzulo: kumpoto kwa mzerewo kusakhale kapolo, kummwera kwake aloledwe. Jefferson, amene tsopano adali nkhalamba, adalembera mnzake kuti mkanganowo udamdzidzimutsa ngati belu lochenjeza za moto pakati pa usiku.

Mzerewo udasunga bata zaka ngati 30, koma mitima inkanka ilekana. Mu 1831 William Lloyd Garrison adayamba ku Boston nyuzipepala yotchedwa The Liberator, yonena kuti ukapolo ndi tchimo loyenera kulekedwa lero lomwe. Chaka chomwecho ku Virginia kapolo wina wolalika, Nat Turner, adaukira pamodzi ndi anzake, napha Azungu oposa 50. Pobwezera adaphedwa anthu akuda ambiri, ena osadziwa kanthu. Mu 1838 Frederick Douglass adathawa ku Maryland. Iyeyu adaphunzira kuwerenga mobisa, ndipo polankhula m'misonkhano ankadabwitsa anthu kotero kuti ena ankakana zoti adakhalapo kapolo, mpaka mu 1845 adalemba mbiri ya moyo wake natchula maina a ambuye ake. Harriet Tubman, mai wamfupi amene adathawa mu 1849, adabwerera ku Maryland maulendo ngati 13, akuyenda usiku, natulutsa anthu ngati 70.

A kummwera nao adaumitsa khosi. Makolo ao ankati ukapolo ndi choipa chimene adachipeza ndipo sadziwa pochitaya. Ana ao adayamba kuutama. Mu 1837 John C. Calhoun wa ku South Carolina adanena m'bwalo la Senate kuti ukapolo ndi chinthu chabwino kwa mbuye ndi kwa kapolo yemwe.

Mipingo idang'ambika boma lisanang'ambike. A Methodist adagawikana mu 1844 pa mlandu wa bishopu wao wina wa ku Georgia amene adali ndi akapolo, ndipo a Baptist adagawikana mu 1845. Mpingo wa Katolika sudagawike chotero, koma mbiri yake m'zaka zimenezo ili ndi zowawa zimene sitingazibise. Mu 1838 ansembe a chipani cha Jesuit ku Maryland adagulitsa akapolo ao 272 kwa eni minda a ku Louisiana, kuti abweze ngongole za sukulu yao ya Georgetown. Ambiri a ogulitsidwawo adali Akatolika obatizidwa ndi ansembe omwewo. Mu 1839 Papa Gregory XVI adalemba kalata yodzudzula malonda a anthu. Koma Episkopi John England wa ku Charleston adafotokozera anthu a kwao kuti Papa akunena za kugwira anthu ku Africa, osati za kusunga akapolo obadwira m'dzikomo. Nthawi yomweyo ku Baltimore kudali asisitere akuda, otsogozedwa ndi Mai Mary Lange, amene kuyambira 1829 ankaphunzitsa ana akuda kuwerenga, ntchito imene m'zigawo zina ikadawatengera ku ndende.

Lamulo la othawa

Kuyambira 1846 mpaka 1848 America adamenyana ndi Mexico, namlanda dziko lalikulu kufikira ku nyanja ya Pacific. Pomwepo funso lakale lidadzukanso: kodi m'minda yatsopanoyi mulowe akapolo? Mu 1850 adapangananso. California adalowa wopanda ukapolo. Ndipo kuti a kummwera atonthole, adawapatsa lamulo loopsa la akapolo othawa. Munthu wakuda akagwidwa kumpoto, sankaloledwa kudzinenera yekha pa mlandu wake. Woweruza ankalandira madola 10 akampereka kwa womfunayo, koma madola 5 okha akammasula. Wobisa wothawa kapena kumthandiza ankalipa madola 1,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 6, ndipo munthu aliyense ankatha kuitanidwa kuti athandize kugwira.

Lamulo limeneli lidabweretsa ukapolo pakhomo pa anthu a kumpoto amene kale ankangoumva patali. Mu 1854 ku Boston adagwira mnyamata wothawa ku Virginia, dzina lake Anthony Burns. Kuti amfikitse ku chombo, boma lidaika asilikali ambirimbiri m'miseu, anthu zikwizikwi akuyang'ana ndi kukuwa, nyumba zitapachikidwa nsalu zakuda ngati pa maliro. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1852, Harriet Beecher Stowe adali atatulutsa buku la nthano lotchedwa Uncle Tom's Cabin, losimba za mabanja a akapolo olekanitsidwa. M'chaka chimodzi adagulitsa mabuku 300,000, ndipo amai ambiri a kumpoto adalira powerenga.

Mwazi uyamba kukhetsedwa

Mu 1854 Stephen Douglas wa ku Illinois adabweretsa lamulo lofafaniza mzere uja wa 1820. Iye adati m'madera a Kansas ndi Nebraska anthu okhalamo asankhe okha ngati afuna ukapolo kapena ai. Pakumva, mauwo adali ngati achilungamo. Koma tanthauzo lake lidali lakuti amene adzachuluke ndiye adzapambane, tsono mbali zonse ziwiri zidathamangira ku Kansas ndi mfuti. Anthu a ku Missouri ankaoloka malire pa tsiku la chisankho, naponya mavoti, nabwerera kwao. Kansas adakhala ndi maboma awiri. Pa 21 Meyi 1856 okonda ukapolo adaononga mudzi wa Lawrence. M'mawa mwake ku Washington, m'kati mwenimweni mwa bwalo la Senate, phungu wa ku South Carolina, Preston Brooks, adamenya Charles Sumner wa ku Massachusetts ndi ndodo m'mutu mpaka kukomoka, chifukwa cha mau amene adalankhula ponyoza eni akapolo. Sumner adatha zaka zitatu asanabwerere bwino pa ntchito. Koma Brooks anthu a kwao adamtumizira ndodo zatsopano za mphatso. Patangopita masiku awiri, John Brown ndi ana ake adatulutsa amuna asanu m'nyumba zao usiku ku Pottawatomie, nawapha ndi malupanga.

Anthu ena adayembekeza kuti bwalo lalikulu la milandu ndilo lidzathetsa zonse. Padali kapolo wina, Dred Scott, amene mbuye wake, dokotala wa asilikali, adakhala naye zaka zingapo ku Illinois ndi kumpoto kwa mzere uja, kumene ukapolo udali woletsedwa. Scott ndi mkazi wake Harriet adasuma mu 1846 kuti amasulidwe, ndipo mlanduwo udayenda zaka 11. Pa 6 Malichi 1857 mkulu wa oweruza, Roger Taney, Mkatolika wa ku Maryland amene paunyamata wake adamasula akapolo ake, adagamula kuti munthu wakuda, kapolo kapena mfulu, sangakhale nzika ya America, tsono alibe pakamwa m'bwalo limenelo. Ndiponso kuti boma lilibe mphamvu yoletsa munthu kupita ndi chuma chake, ndiye kuti akapolo ake, m'dera lililonse latsopano. Oweruza 7 adavomereza, awiri adakana. Taney ankayesa kuti watseka mlandu. Kunena zoona adatseka njira yokhayo imene idatsala, ya kupangana malire. Pakuti ngati kapolo ndi chuma ngati china chilichonse, palibenso mzere umene ungamletse mwini wake.

Lincoln asankhidwa

Chipani chatsopano cha Republican, chimene chidabadwa mu 1854 pokana lamulo la Kansas, chidapeza mtsogoleri mwa Abraham Lincoln. Iye adabadwa mu 1809 m'kanyumba ka mitengo ku Kentucky. Masiku ake onse a kusukulu sadakwane chaka, koma adadziphunzitsa yekha mpaka kukhala loya ku Springfield, Illinois. Mu 1858 adatenga fanizo la m'Uthenga Wabwino la nyumba yogawanika, nanena kuti dziko silingakhalitse theka la akapolo, theka la aufulu. Akulu athu akadati mapanga awiri avumbwitsa. Lincoln sadalonjeze kumasula akapolo kumene adalipo kale, ndipo nthawi imeneyo sankanena kuti akuda ndi oyera alingane m'zonse. Chimene adaumirira n'chakuti ukapolo ndi choipa, ndipo usapitirire malire ake ngakhale phazi limodzi.

Usiku wa pa 16 Okutobala 1859 John Brown yemwe uja, ndi kagulu ka amuna 21, oyera ndi akuda, adalanda nyumba yosungira mfuti za boma ku Harpers Ferry, m'chigawo cha Virginia, poyembekeza kuti akapolo adzadzuka ndi kumtsata. Sadadzuke. Asilikali otsogozedwa ndi Robert E. Lee adamgwira, ndipo pa 2 Disembala adanyongedwa. Tsiku limenelo m'midzi ina ya kumpoto adaliza mabelu a m'matchalitchi. A kummwera atamva za mabeluwo adati: anthu olira munthu amene adafuna kutipha m'tulo, tingakhale nao bwanji m'dziko limodzi?

Pa chisankho cha pa 6 Novembala 1860 chipani cha Democratic chidagawika pawiri, ndipo opikisana onse adali anai. Lincoln adapeza mavoti ngati 40 pa 100 alionse, koma adapambana chifukwa zigawo za kumpoto, za anthu ambiri, zidamsankha. M'zigawo 10 za kummwera dzina lake silidaoneke n'komwe pa chisankhocho. Eni akapolo adaona kuti tsopano kumpoto kungathe kusankha mtsogoleri popanda iwo, ndipo sadadikire kuti aone ntchito zake. Pa 20 Disembala South Carolina adatuluka mu mgwirizano. Pofika Febuluwale 1861 zigawo zotuluka zidali 7, ndipo ku Montgomery, Alabama, zidaimika boma lao ndi kusankha Jefferson Davis kukhala mtsogoleri.

Nkhondo itatha, ena adayamba kunena kuti a kummwera ankamenyera ufulu wa zigawo, osati ukapolo, ndipo mau amenewo akumvekabe. Koma eni ake adalemba okha zifukwa zao. Kalata ya Mississippi idanena poyera kuti chigawocho chaima pa ukapolo. Ya South Carolina idadandaula kuti zigawo za kumpoto zikukana kubweza othawa. Ndiye kuti ufulu wa zigawo adaukana okha pamene udali wa anzao. Ndipo mu Malichi 1861 Alexander Stephens, wachiwiri kwa Davis, adanena ku Savannah kuti mwala wa pangodya wa boma lao latsopano ndi chikhulupiriro chakuti munthu wakuda salingana ndi Mzungu.

Mizinga ilira

Pa doko la Charleston padali linga la boma lomangidwa pakati pa madzi, lotchedwa Fort Sumter, m'mene mudali asilikali osakwana 100 ndi chakudya chotsala pang'ono. Lincoln adadziwitsa a kummwera kuti atumizako zakudya zokha. M'bandakucha wa pa 12 Epulo 1861 iwo adayamba kuombera lingalo ndi mizinga, ndipo patapita maola 34 asilikaliwo adagonja. Pa kuomberako sipadafe munthu. Lincoln adaitana amuna 75,000 kuti atumikire masiku 90 okha, pakuti mbali zonse zinkayesa kuti nkhondo idzatha dzinja lisanafike. Pamenepo Virginia, Arkansas, North Carolina ndi Tennessee adatulukanso, zigawo zopanduka nkukwana 11. Zigawo zinai za akapolo, Delaware, Maryland, Kentucky ndi Missouri, zidatsalira mu mgwirizano, ndipo kumeneko ndiko kudapezeka mabanja ambiri amene mwana wina adavala yunifolomu yabuluu ya kumpoto, wina yotuwa ya kummwera. Ngakhale alamu ake a Lincoln ena adamenyera kummwera.

Poyamba boma la kumpoto lidati likumenyera kubweza mgwirizano, osati kumasula akapolo. Amene adatembenuza nkhondoyo ndi akapolo eni ake. Mu Meyi 1861 amuna atatu, amene adaumirizidwa kukumba malinga a kummwera, adaoloka ndi bwato usiku nathawira ku linga la Fort Monroe. Mbuye wao atatumiza mthenga kukawaitanitsa monga mwa lamulo la 1850, mkulu wa asilikali Benjamin Butler adayankha kuti popeza Virginia akudzitcha dziko lachilendo, lamulo la America silimkhudzanso. Mbiriyo idawanda, ndipo othawa adayamba kufika mazanamazana, pambuyo pake zikwizikwi. Lingalo lili pa Point Comfort pomwe paja padakocheza chombo cha mu 1619.

Pa 17 Sepitembala 1862, pa mtsinje wa Antietam, anthu ngati 23,000 adafa, kulasidwa kapena kusowa pa tsiku limodzi. Zitatero Lincoln adalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 1863 akapolo onse a m'zigawo zopanduka adzakhala mfulu, ndipo amuna akuda adaloledwa kulowa usilikali. Adalowa ngati 180,000. Sikuti onse a kumpoto adakondwa. Mu Julayi 1863 ku New York anthu osauka, ambiri a iwo Akatolika ochokera ku Ireland, adakwiya ndi lamulo lolemba usilikali mokakamiza, limene wolemera ankatha kulithawa polipa madola 300. Ukali wao adautsanulira pa anthu akuda, napha ena, natentha nyumba ya ana amasiye akuda. Mwezi womwewo, itatha nkhondo ya masiku atatu ku Gettysburg, asisitere a ku Emmitsburg adafika ndi ngolo kudzasamala olasidwa a mbali zonse ziwiri. Asisitere oposa 600 adagwira ntchito yotere m'nkhondo yonseyo, m'mene pa asilikali atatu akufa, awiri ankafa ndi matenda monga kamwazi, osati ndi chipolopolo.

Pa 9 Epulo 1865 Robert E. Lee adagonja kwa Ulysses Grant ku Appomattox. Patapita masiku asanu, pa Lachisanu Loyera, John Wilkes Booth adaombera Lincoln m'nyumba ya zisudzo ku Washington, ndipo adamwalira m'mawa mwake. Mu Disembala chaka chomwecho adaonjeza m'malamulo aakulu aja mau oletsa ukapolo m'dziko lonse; pamenepo mpomwe liulo lidalembedwamo koyamba.

Omasulidwawo sadapatsidwe minda, ndipo patangopita zaka zowerengeka zigawo za kummwera zidaika malamulo a tsankho amene adakhala mpaka m'zaka za m'ma 1960. Koma ntchito yoyamba imene ambiri adagwira atamasulidwa idali kufunafuna abale ao. Ena adayenda pansi mitunda mazanamazana kutsata njira imene mkazi kapena mwana adatengedwera. Ena adalembetsa timau m'nyuzipepala za mipingo ya anthu akuda, monga Christian Recorder ya ku Philadelphia, kutchula dzina la mai ao, dzina la mbuye amene adawagulitsa, ndi msika umene adaonanapo kotsiriza. Ndipo abusa ankawerenga timauto m'tchalitchi tsiku la Mulungu, kuti kapena wina mwa okhala m'menemo adamuonapo munthuyo. Timau totere tidatulukabe m'nyuzipepala kufikira zaka zoyamba za m'ma 1900, olembetsa ake ali nkhalamba za imvi zofunsabe za mai ao.